Kalasi imodzi, ana 110, aliyense pake: mmene maphunziro a pa tabuleti amayendera

M'kalasi ya Sitandade 3 ya ana 110, mphunzitsi akalemba pa bolodi samu ya 43 kuchotsa 17, anawo sali pamodzi ngakhale akhala mothithikana pansi. Angapo aimaliza iye asanaike choko pa tebulo. Gulu lalikulu lilemba 34, chifukwa mumzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono ku yaikulu: 7 kuchotsa 3, kenako 4 kuchotsa 1. Chakumbuyo kuli ena amene 6 ndi 9 amawasokonezabe. Sikimu, ndondomeko ya maphunziro a teremu, ikuti sabata ino ndi ya kuchotsera kobwereka, ndipo sabata yamawa mphunzitsi apita patsogolo, kaya ana amva kaya sanamve.

Kuno ku Malawi vutoli linakula kwambiri mu 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana analowa m'kalasi, zimene zinali zabwino, koma mphunzitsi mmodzi sangaphunzitse zinthu zisanu zosiyana nthawi imodzi. Amaphunzitsa apakati, kapena amene akukweza manja. Otsalira amangokwera makalasi mipata yawo ili chikhalire, mpaka adzabwereze kapena asiye.

Njira imene ikutchuka tsopano, yophunzitsa mwana aliyense kuyambira pamene iye walekezera pogwiritsa ntchito tabuleti kapena kompyuta, imayesa kuthana ndi vuto limeneli. Kuti itheke pamafunika zinthu zitatu: makwerero a maluso, tizidutswa ta maphunziro totha kugwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndi njira yosankhira kachidutswa koyenera mwana uyu lero. Anthu akamakamba nkhaniyi amathamangira pa tabuleti, poti ndiyo imaoneka pa chithunzi cha m'nyuzipepala. Chimene chimalamula ngati ntchito yonse ipindula n'choyambacho, makwerero a maluso, ndipo n'chimene chimadya nthawi yochuluka pokonza.

Makwerero a maluso

Mu 1968 Benjamin Bloom wa ku yunivesite ya Chicago analemba kuti sukulu zambiri zimapatsa ana onse nthawi yofanana, n'kuvomereza kuti zotsatira zisiyane. Iye anati titembenuze: luso loti mwana afikepo likhale lokhazikika, nthawi yofikirapo ndiyo isiyane. Mu 1984 ananenanso kuti ophunzira amene anali ndi mphunzitsi wawowawo anaposa pafupifupi ana 98 mwa 100 a m'kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti kusiyanako sikufika pamenepo kawirikawiri, komabe ganizolo linakhazikika. Ngakhale silabasi ya pulayimale ya kuno, imene inayamba kugwira ntchito mu 2007, imaima pa ganizo lomweli: phunziro lililonse m'buku la mphunzitsi lili ndi zizindikiro za kakhonzedwe. Papepala zilipo. Chosowa ndi nthawi yoti mphunzitsi aone ngati mwana aliyense wa ana 110 aja wafikadi pa chizindikirocho.

"Kudziwa kuwerenga" si luso limene makina angaligwiritse ntchito, lakula kwambiri. Liyenera kuphwanyidwa. Mwana ayambe wamva kuti mawu akuti moto ndi mano akuyamba ndi liwu limodzi. Kenako adziwe lembo ndi liwu lake, ndipo malembowo sabwera mwa a, b, c: aphunzitsi ambiri amaidziwa ndondomeko ya anikumeto, imene imatsogoza malembo opezeka kwambiri m'Chichewa kuti m'masabata ochepa mwana aziwerenga mawu enieni monga ana, ine, kuno ndi amama. Pamenepo pabwere maphatikizo a malembo awiri, ma, ni, ku. Kenako a atatu, mba, nda, kha. A anayi, nkha, mpha, ntha. Mpaka kukafika pa nkhwangwa ndi ntchentche. Pamwamba pake pali kuwerenga chiganizo mosadodoma, ndi kumvetsa nkhani.

Luso lililonse pa makwererowa liyenera kulembedwa ndi zinthu zitatu: maluso amene ayenera kutsogola, mtundu wa funso loliyesera, ndi mlingo woti tinene kuti mwana wakhoza. Mlingowo ndi nkhani ya masamu. Ngati funso lili ndi mayankho atatu osankhapo, mwana wongolotera apeza pafupifupi mafunso 3 mwa 10, ndipo kamodzi pa maulendo 27 apeza atatu motsatizana. Pulogalamu imene imakweza mwana akangokhoza mafunso awiri ikweza olotera ambiri. Okonza ambiri amaika mlingo pa 8 kapena 9 mwa 10, ndipo amabweretsanso luso lomwelo patapita masiku angapo, chifukwa kukhoza mphindi zisanu chiphunzirireni sikutanthauza kuti zakhazikika.

Makwerero akalakwika, zonse zapamwamba zimalakwika mwakachetechete. Mwana wolemba 34 uja vuto lake siliri pa kuchotsera. Sanamvetse kuti mu 43 muli mitolo 4 ya timitengo khumikhumi ndi timitengo 3 tapadera, ndipo kuti mtolo umodzi ungamasulidwe. Ngati makwerero alibe sitepe imeneyi, pulogalamu idzangomupatsa masamu ena ochotsera, iye n'kumalakwitsa mofanana tsiku ndi tsiku, mpaka adane ndi tabuletiyo.

Kachidutswa kogwira ntchito kambirimbiri

Kupanga phunziro labwino la pa kompyuta n'kodula. Pamafunika wolemba, wojambula zithunzi, wojambula mawu, wolemba pulogalamu, ndi ana oti aliyesere. Kulikopera n'kwaulere. Ndiye nzeru yake ndi kupanga kamodzi, m'tizidutswa ting'onoting'ono, kuti kachidutswa kamodzi kagwire ntchito m'malo ambiri: kwa mwana wa Sitandade 1 amene akuphunzira koyamba, kwa wa Sitandade 4 amene akukwirira mpata, kwa mayi wa sukulu ya kwacha.

Kachidutswa kabwino kamaphunzitsa luso limodzi, kwa mphindi zochepa. Kamakhala ndi chionetsero, ntchito yoti mwana achite ndi chala chake, mafunso oyesera, ndi kachiphaso kosaoneka kwa mwana konena luso, chiyankhulo, mulingo wa kuvuta, mwini wake ndi chilolezo chake. Kachiphasoka anthu amakanyalanyaza, koma popanda iko maphunziro 5,000 ali ngati mabuku otayidwa mulu m'sitolo: alipo, koma palibe angapeze limene akufuna. Chinanso, zithunzi, malemba ndi mawu ojambulidwa zisungidwe padera. Wojambula akamata mawu akuti "galu" mkati mwa chithunzi, ndiye kuti womasulira mu Chitumbuka kapena Chiyawo adzajambulanso chithunzi chonse.

David Wiley, mmodzi mwa akatswiri a nkhaniyi ku America, anaona msampha wake kalekale. Phunziro limaphunzitsa bwino likakhala lomangika pa moyo wa wophunzira, koma likamangika chotero limavuta kulisamutsa. Samu yogula mandasi ndi makwacha imamveka ku Ntcheu. Ku Tanzania iyenera kusinthidwa. Samu yopanda dziko, ya timadontho tokhatokha, imayenda paliponse koma mwana saikumbukira.

Pa chiyankhulo m'pamene msamphawu umaluma zedi. Mu Chingerezi wojambula mawu anena manambala padera, mayina a zinthu padera, ndipo pulogalamu imangolumikiza. M'Chichewa sizitheka. Ndi ana awiri, mbuzi ziwiri, mitengo iwiri, tiana tiwiri. Nambala imasintha motsatira dzina. Pulogalamu yolumikiza mawu mwa Chingerezi idzauza mwana kuti "mbuzi awiri", ndipo kalasi yonse idzaseka. Choncho chiganizo chilichonse chijambulidwe chathunthu, kapena pulogalamu idziwe magulu a mayina. Palinso kamvekedwe: mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga zimalembedwa mofanana koma zimatchulidwa mosiyana, ndipo wojambula mawu amene wapatsidwa mndandanda wopanda zithunzi sangadziwe kuti anene uti. Ngakhale manambala enieniwo amafuna chiganizo cha akatswiri: kodi 7 akhale "zisanu ndi ziwiri" kapena seveni, mmene ana amanenera pamsika? Ndipo maphunziro a malembo ndi maliwu samasulirika n'komwe. Amalembedwa mwatsopano, chifukwa mawu oyamba ndi liwu la m mu Chingerezi sayamba ndi liwu lomwelo akamasuliridwa. Kungowoloka malire pa Mchinji kupita ku Chipata, ch wathu amalembedwa c, kotero phunziro la phatikizo la cha liyenera kukonzedwanso ngakhale chiyankhulo chili chimodzi.

Za chilolezo tinene mwachidule. Buku kapena phunziro limene mwini wake sananene kanthu, simuloledwa kulisintha. N'chifukwa chake zilolezo za Creative Commons, zimene zinatuluka mu 2002, zili zofunika: cha CC BY chimalola kukopera, kumasulira ndi kusintha bola mutchule mwini. Chokhala ndi zilembo ND chimaletsa kufalitsa zosinthidwa, ndipo kumasulira ndi kusintha kumene. African Storybook ya bungwe la Saide ku South Africa ndi StoryWeaver ya Pratham Books ku India zili ndi timabuku ta ana tambirimbiri pa zilolezo zotseguka. Kolibri, pulogalamu ya bungwe la Learning Equality, imasunga zoterezi pa kakompyuta kamodzi pasukulu n'kumazigawa ku matabuleti popanda intaneti. Mtundu wa mafayilo nawo ndi wofunika kuuganizira: maphunziro ochuluka amene anapangidwa ndi Adobe Flash anasiya kutseguka pulogalamuyo itathetsedwa kumapeto kwa 2020.

Zimene zikuchitika kuno

Malawi ili m'gulu la mayiko amene anayamba msanga. Mu 2013 Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anayesa pulogalamu ya Masamu, ya m'Chichewa, pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe. Ana a Sitandade 1 mpaka 3 anagawidwa mwa maere, ena n'kumagwiritsa ntchito pulogalamuyo mphindi 30 patsiku kwa masabata 8, ndipo iwo anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo. Ntchitoyi inakula pansi pa dzina la Unlocking Talent, imene bungwe la VSO linayendetsa limodzi ndi unduna wa zamaphunziro, m'zipinda zapadera zoyendera magetsi a sola. Opanga pulogalamuyo, bungwe la onebillion la ku London, anagawana mphotho ya Global Learning XPRIZE ndi opanga pulogalamu ina yotchedwa Kitkit School mu 2019, atayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya ku Tanga ku Tanzania. Kuyambira mu 2023 boma, pamodzi ndi Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, likufalitsa njirayi kudzera mu ntchito yotchedwa BEFIT, imene inayamba ndi masukulu 500 ndipo cholinga chake n'kufika m'masukulu onse a boma a pulayimale, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Mmene tabuleti ya onebillion imasankhira phunziro ndi yophweka moti ena amadabwa. Mwana akavala mahedifoni, mphunzitsi wa mkatimo, Alefa, amamupatsa timafunso tochepa. Mayankho ake ndiwo amasonyeza sitepe imene ali, ndipo tabuleti imasonkhanitsa tizidutswa ta tsikulo kuchokera pa sitepe imeneyo: malembo, masamu, kankhani. Mwana safunika kulemba dzina kapena nambala yachinsinsi. Ubwino wake ndi woti tabuleti iliyonse ingapatsidwe kwa mwana aliyense, ndipo nthawi sitayika pofunafuna "yanga". Kuipa kwake ndi koti timafunso tochepa tingalakwitse. Mnzake wapambali akamunong'oneza mayankho, mwana akhala mphindi zonse pa zinthu zomuposa msinkhu. Mapulogalamu ena amasunga mbiri ya mwana aliyense, zimene zimathandiza kusankha molondola, koma zimafuna kuti mwana azidziwika pa makina tsiku lililonse, ndipo mbiriyo iyenera kutetezedwa motsatira lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024.

Umboni wa kunja umasonyeza mbali zonse ziwiri. Ku Delhi, Karthik Muralidharan ndi anzake anayesa pulogalamu ya Mindspark pa ana oposa 600 kwa miyezi inayi ndi theka. Anapeza kuti m'kalasi imodzi munali ana osiyana ndi makalasi asanu kapena asanu ndi limodzi pa zimene akudziwa, ndipo amene anagwiritsa ntchito pulogalamuyo anapita patsogolo kwambiri pa masamu ndi Chihindi, ofooka omwe. Ku Peru boma linagawa malaputopu a One Laptop per Child mazanamazana a zikwi, koma kafukufuku wa m'masukulu oposa 300 sanapeze kusintha pa masamu ndi kuwerenga patatha miyezi 15. Ana anadziwa kompyuta, ndipo luso lawo la kuganiza linakwerako pang'ono. Makinawo analibe makwerero otsogolera mwana kuchoka pa luso lina kupita pa lina.

Masamu a mphunzitsi wamkulu

Tiyerekeze sukulu ili ndi matabuleti 60. Gawo limodzi ndi mphindi 30, koma kugawa, kuvala mahedifoni ndi kutolera zimadya mphindi zina 10. Kuchokera 7:30 mpaka 12:00 mukwana magawo 6, kutanthauza ana 360 patsiku. Ngati Sitandade 1 mpaka 4 ili ndi ana 900, pafunika matabuleti 150, apo ayi mwana aliyense aziigwira masiku awiri okha pa sabata. Nanga kalasi ya ana 110 ikalandira matabuleti 60, otsala 50 aja akuchita chiyani, ndipo ali ndi ndani? Funso limeneli likapanda kuyankhidwa pa ndandanda ya nthawi, mphunzitsi amawakhazika awiriawiri pa tabuleti imodzi, ndipo pamenepo kutsata mwana payekha kwatha: wochangamuka ndiye amadina, winayo amaonerera.

Magetsi nawo ali ndi masamu ake. Batire la tabuleti wamba limasunga mawati pafupifupi 20 a ola limodzi. Matabuleti 60 ndi 1,200, ndipo mukaonjezera zotayika potchaja mufika cha m'ma 1,500. Ndi dzuwa lamphamvu la maola asanu, mapanelo a mawati 300 akwanira papepala, koma wanzeru amaika oposerapo chifukwa cha mitambo ya Januwale ndi chiperoni cha Juni. Fumbi la Okutobala likakuta mapanelo, mphamvu imatsika. Kupukuta ndi nsalu yonyowa kamodzi pa sabata kumabweza zambiri. Mabatire akuluakulu a sola amafa msanga akamakhetsedwa mpaka pansi, ndipo chimene chimawakhetsa kawirikawiri ndi mafoni a anthu ozungulira sukulu. Komiti ya sukulu iyenera kugwirizana za zimenezi poyera zisanayambe.

Chimene chimayamba kuwonongeka si tabuleti. Ndi mahedifoni: chingwe chimaduka mkati pafupi ndi pulagi chifukwa ana amakoka chingwe m'malo mogwira pulagiyo, ena amachitafuna. Popanda mawu, mwana amene sanadziwe kuwerenga samva malangizo a Alefa, ndiye amangodina paliponse, ndipo makina amamuyesa wosadziwa kanthu. Chachiwiri ndi pabowo potchajira, pamene pamagwedera chaja ikamalowetsedwa mokakamiza. Sukulu yopanda mahedifoni apadera, komanso yosadziwa kumene ingatumize zowonongeka, imapezeka kuti pofika teremu yachitatu kabati yadzaza ndi matabuleti abwinobwino osagwira ntchito. Palinso aphunzitsi aakulu amene, poopa kuba ndi kulipitsidwa, amangokiya kabatiyo.

Zonsezi zimathera pa chinthu chimodzi chowerengeka, maola amene mwana wakhaladi pa phunziro. Masiku 180 a mphindi 30 ndi maola 90 pachaka. Chotsanipo masiku a malungo, a maliro, a msika, a mayeso, amvula yodula mlatho, ndi amene batire linali lopanda moto. Mwana wina atsala ndi theka. Mlangizi wa zamaphunziro akafika pasukulu, funso lothandiza si loti matabuleti alipo angati. Afunse kuti sabata yatha kalasi iliyonse inachita magawo angati, ndipo aone kaundula.

Mphunzitsi pa nthawi ya tabuleti ali ndi ntchito yake. Aziyenda pakati pa ana, kuona amene wavula mahedifoni, amene akudina mwachisawawa, amene wakhala pa chithunzi chimodzi mphindi zisanu. Mwana wa ku Karonga kapena ku Mangochi amene kwawo sayankhula Chichewa akhoza kulephera funso la masamu chifukwa sanamve chiganizo, osati chifukwa sadziwa samuyo. Makina sangasiyanitse ziwirizi, mphunzitsi angathe. Ndipo kukhoza pa galasi kumafunika kutsimikizidwa kunja kwa galasi. Kamodzi pa teremu mwana awerengere mphunzitsi kandime ka papepala kwa mphindi imodzi, mphunzitsi n'kuwerenga mawu amene watchula molondola. Ana ena amaloweza maonekedwe a masewerawo n'kumapeza nyenyezi zonse, koma buku likabwera amangoti kukamwa yasa.

Tisaiwale kuti ganizo lomweli limayenda ngakhale popanda magetsi. Ku Zambia, ntchito ya Catch Up, imene inayamba mu 2016 potengera njira ya bungwe la Pratham, imayesa mwana aliyense wa Giredi 3 mpaka 5 ndi kapepala kamodzi: sadziwa malembo, amadziwa malembo, mawu, ndime, kapena nkhani. Kenako kwa ola limodzi patsiku ana amakhala m'magulu motsatira zimene akudziwa, osati kalasi yawo, ndipo amaphunzira ndi makadi, timitengo ndi choko pansi. Makwerero alipo, kuyesa kulipo, tizidutswa togwiritsidwa ntchito mobwereza tilipo. Tabuleti imangowonjezera kuti masitepe akhale ang'onoang'ono kwambiri, ndi kuti mwana aliyense ayankhidwe pompopompo akalakwitsa.

Kwa akuluakulu ndi ntchito zamanja

M'makoleji a ntchito zamanja, pansi pa bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999, kuphunzitsa motsata luso n'kozolowereka kale. Ntchito imagawidwa m'zigawo zotchedwa mamojulo, ndipo wophunzira amayesedwa ngati watha kapena sanathe. Apa tizidutswa ta pa foni kapena kompyuta tili ndi malo abwino. Kavidiyo ka mphindi zitatu kosonyeza kuwerenga tepi m'mamilimita kangagwire ntchito kwa kalipentala, wowotcherera, telala ndi mmisiri womanga. Kena kosonyeza kupeza kona yowongoka ndi chingwe, poyeza masentimita 60 mbali ina, 80 mbali inayo, n'kuona ngati pakati papingasa pali 100, kangathandize womanga nyumba ndi wopanga mafelemu a zitseko mofanana. Mnyamata amene wagwira ntchito zaka zisanu pa galaja ya amalume ake safunika kuyambira pa mayina a masipanala. Ayesedwe kaye, aphunzire zokhazo zimene zikusowa, monga kuwerenga chojambula cha mawaya a galimoto.

Malire ake amaonekanso msanga. Vidiyo ingauze wophunzira kuti matope omangira ndi muyeso umodzi wa simenti pa miyeso isanu ndi umodzi ya mchenga, ndipo iye angakhoze funsolo pa foni. Singamuuze mmene matope okhwima bwino amamvekera pa mpeni womangira, kapena kuti mchenga wa lero wanyowa ndiye madzi achepetse. Pa mojulo yomanga khoma, chiphaso chimadikira woyesa afike pa malo, aike levulo pa khomalo m'litali ndi m'mwamba, ayeze kukhuthala kwa matope pakati pa njerwa, kenako alembe kuti watha kapena abwereze.